Kamera imene sinkaona dona Vitória

Ine ndine Isac, ndimakonza mafoni pamsika wa Milange, kuno ku Mozambique. Zaka zinayi zapitazi ndinayambanso kuikira anthu makamera, makamaka eni masitolo amene amaopa akuba kuposa mmene amaopera Mulungu. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, apo sindidzichepetsa. Koma pali kamera imodzi imene inandilaka, ndipo mwini nkhani yake si ine. Ndi dona Vitória, mayi wachikulire amene amakhala m'njira yokwera kuphiri la Tumbine.

Amene anawaonapo sangawaiwale. Msana wawo unapindika kufika poti akamayenda nkhope imayang'ana zala zakuphazi, ndipo akafuna kukuona amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana mphamba. Sanabadwe choncho. Ali mtsikana ankathyola tiyi m'munsi mwa Tumbine, dengu lili kumsana kuyambira m'mawa. Nkhondo itafika mu 1986 anawolokera ku Malawi ndi amuna awo a Virgílio ndi ana awiri. Kumsasa wa othawa nkhondo anaika m'manda ana awiriwo, kenako n'kubereka wachitatu, Júlio. Banja ankalidyetsa ndi nkhuni, kukatola kuphiri, kusenza, kugulitsa. Atabwerera mu 1993 anapeza pamalo pawo patatsala mtengo wa mango wokha. Njerwa za nyumba imene ilipo leroyi anaumba okha ndi chikombole chobwereka, amuna awo akudwala chifuwa. A Virgílio anagonamo zaka ziwiri basi, n'kutsogola.

Musaganize kuti ndi nkhalamba yofatsa. Pakamwa m'pakuthwa, ndipo mwana akaba mango awo amamukumbutsa za umbava wa agogo ake. Amalima nandolo kuseri kwa nyumba, amaweta nkhuku, ndipo m'mawa uliwonse amasesa bwalo lonse ndi tsache lalifupi.

Dzinja lathali anaterereka pabwalo pomwepo. Anagona pamatope kuyambira m'mawa mpaka masana, pamene Ermelinda, mayi woyandikana nawo nyumba, anabwera kudzabwereka lichero. Júlio amagwira ntchito ku Quelimane, ndipo atamva anabwera ndi galimoto kudzawatenga. Iwo anakana kwamtuwagalu. Za foni sizinathandize, poti Júlio anawagulira katatu, ndipo zonse zitatu anazisunga m'sutukesi kuti zisathe. Mapeto ake anapangana kuti amayi akhale m'nyumba mwawo, koma pakhonde paikidwe kamera yoyang'ana pabwalo. Ikaona munthu izitumiza uthenga ndi chithunzi chimodzi pafoni ya Júlio, iye azidziwa kuti amayi adzuka bwino. Ine ndikumangirira kamerayo, Júlio anawauza kuti, “Amayi, chinthuchi chikakanika kukuyang'anirani, mubwera ku Quelimane, ndipo sitidzakambirananso.”

Makamera amasiku ano amati ali ndi nzeru, amasiyanitsa munthu ndi nyama. Pafoni amalemba m'Chipwitikizi: pessoa akaona munthu, animal akaona nyama. Sabata isanathe Júlio anandiimbira. Ermelinda akadutsa, kamera inkati pessoa. Wogulitsa makala akadutsa, pessoa. Ngakhale nsalu yoyanikidwa pachingwe, mphepo ikaiwomba, inkasanduka pessoa. Koma dona Vitória akatuluka ndi tsache lawo, foni inkalemba animal.

“Amenewa ndi mayi anga, a Isac,” anatero Júlio. “Amene anandibereka.”

Manyazi anandigwira ngati ndalemba ndine mawuwo.

Ndinayamba ndi zing'onozing'ono. Ndinapukuta galasi, poti kangaude anali atayamba kale kumangapo. Ndinatsitsa kamera kuchoka kudenga kufika pamsinkhu wa chifuwa, chifukwa ikakhala pamwamba inkangoona msana wokha. Ndinaipotoza kuti dzuwa lam'mawa lisaiwalire m'maso. Ndinawonjezera mphamvu yake yozindikira, ndinajambulanso malire a bwalo kuti chingwe choyanikapo chikhale kunja. Tsiku lina ndinapita nayo mpaka kumalire, kumene netiweki imagwira bwino, kukaikamo pulogalamu yatsopano. Za nsalu zinatha, koma dona Vitória anakhalabe animal. Nditaiuza kuti izinena chilichonse choyenda, nkhuku ndi masamba a nthochi zinatumiza mauthenga oposa mazana awiri tsiku limodzi, Júlio n'kunena kuti sangamasake amayi ake pakati pa nkhuku ali pantchito. Nditatseka za nyamazo, foni inangoti zii m'mawa wonse, amayi akusesa pamaso pa kamera.

Apa mpamene ndinapsa mtima. Amene anapanga chinthuchi anachionetsa zithunzi za anthu miyandamiyanda kuti chiphunzire, koma zikuoneka kuti onsewo anali oyenda chilili, manja m'thumba. Palibe anachionetsa mayi wosesa ndi tsache lalifupi, kapena munthu amene wasenza nkhuni zaka zisanu ndi ziwiri.

Lachitatu Júlio anaimbanso. Sanakalipe. Anangoti, “Mwayesetsa, achimwene. Lamulungu ndikubwera, muwauze alongedze.”

Lachinayi ndinapitanso kukayesa komaliza. Ndinkayenda uku ndi uku pabwalo, foni ili m'manja, iwo atakhala pamtondo wogwetsa pansi akundiyang'ana cham'mbali. Za Lamulungu ndinali nditawauza kale. Ndikayenda, foni inkalira. Kenako kasikuluwu kanandigwa, ndinawerama n'kumakafunafuna m'fumbi, foni osalira.

“Iwe Isac,” anandiitana. “Chinthu chakochi chimafuna chiyani kwenikweni?”

Ndikanakhala chete. Koma munthu wantchito akafunsidwa za ntchito yake pakamwa pamayabwa.

“Chimafuna mutu ukhale pamwamba pa mapewa, amayi, miyendo iwiri pansi. Chikaona choncho, kanyali kofiirako kamaphethira, uthenga n'kupita.”

“Basi?”

“Basi.”

“Pronto, ndamva. Pita, dzuwa lakwera.”

Foni yanga inali yolumikizidwabe kukamerayo. Lachisanu m'mawa ndikutsegula kabenchi kanga kokonzerapo mafoni pamsika inalira, n'kulemba pessoa. Pachithunzi panali dona Vitória ataima chilili pafupi ndi mzati wa khonde, akuyang'ana kamera m'maso. Ndinadabwa, chifukwa Lachinayi sindinasinthe kalikonse. Loweruka ndinalawirira, n'kukaima kuseri kwa mpanda wa Ermelinda nthawi imene iwo amasesa.

Anatuluka monga mwa masiku onse, nkhope pansi. Anasesa kuyambira pamtengo wa mango mpaka pakhonde. Atafika pamzati anaika tsache pansi, n'kugwira mzatiwo ndi manja onse awiri. Kenako anayamba kuukwera ndi manja, dzanja ili pamwamba pa linzake, pang'onopang'ono, msana ukuwongoka motsatira. Ndinkamva kupuma kwawo ndili kumpanda. Pakati anaima, chipumi atatsamiritsa pamzati, ndipo ndinaganiza kuti aleka. Anapitiriza. Mutu utafika pamwamba pa mapewa anachotsa dzanja limodzi, analibisa kumbuyo kwa nsalu imene anavala chifukwa linkanjenjemera, n'kutembenukira kukamera. Kanyali kanachedwa. Kataphethira, foni inalira m'thumba mwanga.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Anatsetsereka ndi mzatiwo mpaka anakhala pansi, miyendo atatambasula, maso ali chotseka, thukuta likuyenderera m'khosi ngakhale kunali kozizira. Kamera sinatumize zimenezo. Imatumiza chithunzi chimodzi basi.

Ndinalowa pabwalo. Sanadzidzimuke, anali atamva kulira kwa foni.

“Wabwera kudzaba mango?” anandifunsa asanatsegule maso.

“Amayi, zimenezi zikupwetekani. Mutha kugwa pamzati pomwepa.”

“Ndikagwa ndigwa pakhonde panga.”

“Ndiyenera kuwauza a Júlio.”

Apo anatsegula maso n'kupendeketsa mutu. “Umuuze chiyani? Anati akufuna kudziwa ngati ndadzuka. Sindinadzuke kodi? Ku Quelimane amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, palibe bwalo, palibe khasu, palibe munthu wolankhula naye chinenero changa. Ndikafa kumeneko akandiika pakati pa alendo. Ana anga awiri agona kale kwa eni, ine sindipita.” Anapuma kaye. “Ndinaweramira tiyi wa azungu, ndinaweramira nkhuni za anthu a ku Malawi. Ndilephere kuwongokera nyumba yanga kamodzi patsiku?”

Ndinawatungira madzi akumwa, ndinawagwira mkono mpaka anakhala pamtondo paja. Chimene ndinatha kuchita n'chochepa. Ndinakhomerera thabwa pamzati, pamsinkhu wa chiuno, kuti azigwirapo potsika, ndipo ndinabweza mphamvu ya kamera pamwamba kuti kanyali kasamachedwe. Thabwalo ndinaliika mbali imene kamera siiona. Ndikukhoma misomali ndinkadziwa kuti ndalowa nawo m'chiwembu. Ndinapemphanso Ermelinda kuti azisuzumira pampanda nthawi yosesa. Anangondiyang'ana n'kunena kuti wakhala akusuzumira kuyambira dzulo.

Madzulo a tsiku lomwelo Júlio anaimba. Mawu ake anali opepuka, sindinawamvepo choncho chiyambire.

“A Isac, mwachita zotani? Masiku awiri tsopano ikulemba bwinobwino. Mawa sindibweranso, asalongedze. Ndipo mwaona zithunzizo? Ndaonetsa akazi anga, sakukhulupirira. Amayi aima chilili. Ine chibadwire sindikumbuka kuwaona ataima choncho. Kapena mafuta opaka aja ndinawatumizira ayamba kugwira?”

Ndinali nditakhala pabenchi yanga, foni ya munthu wina ili yotsegula patsogolo panga. Ndinaganiza za dzanja lija lobisidwa kumbuyo kwa nsalu. Júlio ankadikira.

“Kamera ikugwira ntchito, achimwene,” ndinatero.

“Obrigado, zikomo kwambiri. Mulungu akudalitseni. Tsopano ndizigona tulo.”

Anadula foni. Ine usiku umenewo sindinadye.