Msewu Wotsiriza wa a Abson Daka

Lachiwiri pa 10 Sepitembala 2024, a Mpundu Chibesa anapeza a Abson Daka akusesa masamba pamsewu wa timagalimoto ta mpikisano, m'kati mwa mpanda wa puloti ina ku Woodlands mumzinda wa Lusaka, ndipo anawauza kuti malowo agulitsidwa. Mwini wake, amene anabwereketsa malowo ku gulu la a Mpundu, anali atamwalira, ndipo ana ake anagwirizana zoti pamangidwe nyumba. Omanga anayenera kulowa Lolemba pa 2 Disembala. Motero mpikisano wa Loweruka pa 30 Novembala unali woti ukhale wotsiriza.

A Daka anatsamiritsa tsache kukhoma, natulutsa buku m'thumba la ovolosi, nalemba masiku awiriwo. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga madzi?"

Bukulo linali lachisanu ndi chinayi chiyambire 2013. M'mabuku amenewa ankalembamo tsiku lililonse limene mvula inagwa, kuchuluka kwake m'chitini cha jamu chimene anakhomera pamtengo, makheni a madzi amene msewu unamwa, ndi mpikisano uliwonse. Mipikisano inali itakwana 43. Itatu ya mu 2020 ndi 2021 inaletsedwa chifukwa cha mliri, koma panalibe ndi umodzi womwe umene unalephereka chifukwa cha msewu. Ulemu wa a Daka unagona pamenepo, ndipo sanafune kuti tsamba lomaliza liwachititse manyazi. Koma msewu wa dothi sugwirana popanda madzi, ndipo 2024 chinali chaka cha chilala.

A Daka anabadwira ku Katete pa 9 Ogasiti 1951. Analowa ntchito ya misewu mu 1972 monga wogwira mbendera yofiira, nakwera gileda yosalaza misewu mu 1979, naiyendetsa zaka 27 m'misewu ya fumbi ya kum'mawa ndi yozungulira Lusaka. Atapuma mu 2006 anakhazikika ku Kaunda Square ndi akazi awo, a Regina. M'zaka zonsezo anasunga lamulo limene anaphunzira kwa kapitawo wawo woyamba, lakuti mdani wa msewu ndi madzi. Msewu wabwino ukhale ndi msana ngati wa ng'ombe, wokwera pakati, wotsetsereka m'mbali, ndi ngalande uku ndi uku.

A Mpundu, Mbemba wa ku Kasama wokonza mafiriji, anafika kwa a Daka mu Febuluwale 2013 kudzaona firiji ya a Regina. Komboni yonse inali matope okhaokha, koma kuchokera pageti kufika pakhonde panali kanjira kouma gwa, kokwera pakati.

"Ba mayo, ni ndani anapanga aka kamsewu?" anafunsa a Mpundu.

"Ndi atate ake Thandazani," anayankha a Regina. "Anawalanda gileda, ndiye akulimbana ndi bwalo langa. Ngati muli ndi pokawasunga masana, atengeni."

Pokawasunga panalidi. A Mpundu ndi anzawo asanu ndi awiri anali ndi timagalimoto totalika ngati mkono, toyendetsa ndi rimoti, ndipo anali atatopa ndi kupirikitsidwa ndi alonda m'mabwalo oimikamo magalimoto. Ntchito inayamba Lolemba pa 4 Malichi. A Daka anayeza mamita 210 ndi chingwe, nakhoma zikhomo. Dothi analisefa pawaya, mawilibala atatu a katondo ndi imodzi ya dothi la chulu lochokera kupitirira Chelstone, poti dothi la chulu limagwira ngati simenti. Analitsendera ndi chitini cha penti chodzaza konkire, chokhala ndi mpini wa khasu. Ndipo anamanga monga momwe anamangira moyo wawo wonse: msana pakati, ngalande zakuya m'mbali.

Mpikisano woyamba unachitika Loweruka pa 15 Juni 2013. Timagalimoto tisanu ndi titatu tinanyamuka. Pakona yoyamba msana uja unatikankhira kunja, ndipo tisanu ndi kamodzi tinagwera m'ngalande, matayala akupalasa mphepo. Ka a Cathy Ng'andu, namwino wa ku Kabwata, kanathyoka mwendo wakutsogolo.

"Ba Daka, iyi ni tilaki ya mpikisano, si Great East Road!" anafuula a Cathy, atanyamula kagalimoto kawo ngati nkhuku yogundidwa. "Mwatikumbila manda!"

"Msewu ulibe mlandu, mama," anatero a Daka. "Liwiro ndiye lachuluka. Pakona munthu amachepetsa."

"Manje tikachepetsa tizapikisana chani? Ni malilo?"

Tiwiri totsalato tinamaliza, choncho a Daka analemba m'buku kuti mpikisano unachitika. Koma mawuwo anawapweteka. Kwa masabata atatu ankagwada pakona paja, tsaya lili pafupi ndi dothi, kuyang'anitsitsa mmene matayala ankaterera. Anaona kuti msewu wopangidwira kutaya madzi umatayanso kagalimoto. Anasalaza msana, nakweza mbali yakunja ya kona iliyonse ngati mlomo wa mbale. Ngalande zokha anakana kuzikwirira. Anaikamo miyala ndi mapaipi akale, nazivundikira ndi dothi, nazilozetsa zonse kudzenje lakuya mamita awiri limene anakumba kumunsi kwa puloti ndi kulikulunga simenti. Popeza pamalopo panali kale chitsime cha pampu ya magetsi, anthu analiseka dzenjelo nalitcha Kariba ya ba Daka, potengera dzina la damu lalikulu la magetsi lija. Kawiri konse, mu 2016 ndi 2019, a Mpundu anapempha kuti likwiriridwe papezeke poimika magalimoto. Kawiri konse a Daka anangoti amva.

Zaka zimene zinatsatira ndizo a Daka amazikumbuka akakhala pakhonde. Ankakwera minibasi kawiri, ya Kaunda Square kufika m'tauni ndi ya m'tauni kufika ku Woodlands, ndipo 7 koloko inkawapeza atagwira reki yosalazira dothi. Ankathirira akuyenda chobwerera m'mbuyo, kheni ikuyenda uku ndi uku, kuti phazi lisaponde ponyowa. Loweruka la mpikisano oyendetsa ankaima pansanja ya matabwa, timagalimoto tikulira ngati njuchi zaukali, fungo la mafuta ake likusakanikirana ndi la nyama yootcha. Anthu odutsa ankakwera pamiyala kusuzumira pampanda. Mu 2017 anawonjezera zitunda ziwiri zodumphira. Mu 2018 kunabwera timagalimoto ta mabatire, topanda phokoso, ndipo a Daka analemba kuti timakumba dothi kuposa takale. Kona yoyamba ija inakhala Kona ya Cathy mpaka mapeto. A Daka ankadziwa woyendetsa aliyense ndi mabala amene ankasiya pamsewu, koma rimoti sanaigwirepo. Ankati wophika saimba nawo nyimbo ya akwati.

Mu 2024 magetsi ankabwera maola ochepa patsiku, ndipo akabwera pampu inkakoka matope. Mpikisano wa mu Ogasiti unatheka ndi madzi a m'zigubu amene oyendetsa anabweretsa. Pofika pakati pa Okutobala chitsime chinaumiratu, ndipo eni zigubu aja nawonso ankasakasaka madzi ophikira. Galimoto ya thanki sikanalowa, chifukwa omanga anali atatsitsa kale njerwa pageti. Msewu unang'ambika ming'alu yolowa chala, ndipo pamwamba panasanduka ufa.

"Shani, ba mudala," anatero a Mpundu Lachisanu pa 15 Novembala, akupalasa fumbi ndi nsapato. "Tichite chabe pa fumbi, olo tisiye. Palibe amene azakupatsani mulandu."

"Pafumbi kagalimoto sikagwira, ndipo oyendetsa sakaona chilichonse," anayankha a Daka. "Umenewo si mpikisano, sindingaulembe. Pafunika makheni 120, kapena mvula imodzi yabwino."

"Mvula ya chaka chino? Mwakamba na ndani kumwamba?"

A Daka anatsegula mabuku awo akale. M'zaka khumi ndi chimodzi, mvula yoyamba yamphamvu inagwa pamalopo pakati pa 9 ndi 29 Novembala, kupatula chaka chimodzi. Anawaonetsa a Mpundu masamba onse, limodzi limodzi. Vuto linali lakuti mvula yamphamvu pa dothi long'ambika imakokolola m'malo monyowetsa, pokhapokha itapeza njira yotulukira.

Lolemba pa 18 Novembala anayamba kufukula ngalande zawo zakale. Anali ndi zaka 73, ndipo ankapuma akatha mamita asanu alionse. M'mapaipi anapezamo mizu, mapepala apulasitiki, ndi katayala kamene kanasowa mu 2016. M'dzenje anatulutsamo masamba mawilibala khumi ndi anayi, namata ming'alu ya simenti. Pamsewu penipeni anathira dothi la chulu lotsala m'ming'alu ndi kulitsendera louma.

"Atate ake Thanda," anatero a Regina akuwathowa msana ndi madzi ofunda, "mukukolopa nyumba imene aigwetsa mawa. Akakunyamulirani pa wilibala, ine sindikakulandirani."

"Amake Thanda, mlendo akamapita amamuyalira mphasa yabwino."

"Mphasa, osati msana wanu."

Sabata inatha kumwamba kuli mbee. Pa 25, 26 ndi 27 Novembala m'buku muli mawu amodzimodzi: "Mitambo kum'mawa. Mvula palibe." Lachinayi pa 28, nthawi ili 3:20 masana, mphepo inazungulira, ndipo mvula inakhuthuka kwa mphindi makumi asanu. A Daka sanabisale. Anaima kumunsi atafunda thumba la feteleza, maso ali pakamwa pa paipi. Poyamba munatuluka fumbi ndi nyerere, kenaka matope, kenaka madzi ofiira odzaza paipi yonse. Chitini cha jamu chinalandira zala zinayi. Dzenje linatsala mkono umodzi kuti lidzaze.

Msewu unapirira ponseponse kupatula pa Kona ya Cathy, pamene mlomo wakunja unagumuka mamita atatu. Lachisanu a Mpundu anatseka shopu, a Cathy anasinthana ntchito ndi mnzawo, ndipo onse awiri anakankha wilibala molamulidwa. Dzuwa linatentha kwambiri, mwakuti pofika Loweruka m'mawa pamwamba panali patayamba kuyera. Oyendetsa khumi ndi mmodzi anandandalika kuchokera kudzenje kufika pamsewu, akupatsirana makheni.

"Chobwerera, ba Mpundu, chobwerera!" anafuula a Daka. "Mukuthirira ngati mukuzima moto."

"Ba Daka, Kariba yeniyeni yauma, yanu ndiye yasefukila," anatero a Cathy. "Tigulitseniko malaiti."

Anathira makheni 64. Mpikisano wa 44 unayamba 10 koloko, timagalimoto khumi ndi kamodzi, ndipo tonse tinamaliza. Panalibe fumbi, panalibe matope; dothi linkangochita bii pansi pa matayala. Anapambana a Cathy, atadutsa a Mpundu pa Kona ya Cathy yomwe ija. Anthu akuomba m'manja, a Daka anali akuzungulira msewu chala chili pansi, ndipo sanapeze pokumbika popitirira chikhadabo.

Atabwerera, a Mpundu anawaika rimoti m'manja. "Lelo simukana, ba mudala."

A Daka anapukuta manja paovolosi, nakwera pansanja koyamba. Kagalimoto kananyamuka pang'onopang'ono, nkukhala kumanzere kwa msewu, nkuchepetsa pakona iliyonse, nkukwera zitunda ngati kanyamula mazira. Ulendo wa masekondi makumi atatu unatenga mphindi zinayi.

"Pondani, ba Daka! Kumanja kulibe munthu!" anafuula a Cathy.

"Kumanja ndi kwa obwera kutsogolo, mama," anayankha osachotsa maso pamsewu. A Cathy anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo atadzuka anali akupukuta m'maso.

Lolemba pa 2 Disembala a Daka anafika 7 koloko monga mwa masiku onse, ngakhale panalibe chosesa. Njerwa zinali zitasunthidwa, ndipo 8:15 gileda inalowa pageti. Anaimva kulira kwake isanaoneke, nadziwa mtundu wake. Woiyendetsa, bambo wa imvi pang'ono, anawakodola kuti apatuke. A Daka anapatuka, naonerera mzere woyamba, kenaka anayandikira nakweza dzanja.

"Tsitsani mpeni kumanzere pang'ono, achimwene. Malo ano amatsetserekera kum'mawa. Mukasalaza chonchi, madzi adzalowa m'nyumba za anthu."

Woyendetsayo anawayang'ana, nayang'ana pansi, natsitsa mpeni. Pofika 9 koloko zitunda, makona ndi nsanja zinali zitapita. Dzenje analisiya, poti kapitawo wa omanga anati madziwo aponderako simenti.

A Daka anazula chitini cha jamu pamtengo nachiika m'thumba. Anakhala pamulu wa njerwa, natsegula buku lachisanu ndi chinayi, nalemba: "2 Disembala 2024. Mvula palibe. Makheni palibe. Mipikisano 44, wolephereka chifukwa cha msewu palibe." Anajambula mzere pansi pake ndi m'mphepete mwa chiphaso chawo chakale cha gileda, kuti uwongoke. Chitinicho tsopano chili pamtengo wa mapeyala ku Kaunda Square, pambali pa kanjira kokwera pakati, ndipo buku lakhumi linayamba tsiku lotsatira.