Kapu Nambala 612

Mlamu wanga Wendell Krehbiel anagwira ntchito yokonza masikelo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankazungulira nkhokwe za tirigu za kuno ku Kansas atanyamula zitsulo zake zoyezera m'kabokosi kathabwa, ndipo alimi tonse tinkadziwa kuti pamaso pake sutchula mawu akuti "pafupifupi". Ukamufunsa nthawi, ankakuuza ndi mphindi zomwe. Tsiku limene mlongo wanga wamkulu Loretta anamubweretsa kwathu koyamba, anamwa khofi mwaulemu, kenako n'kuuza bambo athu kuti sikelo yathu ya kukhola inkanama. Ine ndinati ukwati umenewu sutha chaka. Unatha zaka makumi anayi ndi zinayi.

Kuyendetsa ndege anaphunzira ali wamkulu kale, pa kandege kobwereka. Atapuma pantchito mu 1991, anaitanitsa ndege yoti adzimangire yekha, ndipo kunyumba kwake kunafika lole itasenza chibokosi chachitali kuposa khonde. Ine ndinalipo. Nditasuzumiramo ndinaona zibanthu ziwiri zonga bwato long'ambika pakati, mipukutu ya nsalu yoyera, zigubu, ndi buku la malangizo lokhuthala kuposa Baibulo la paguwa.

"Alamu, nanga ndege ija ili kuti?" ndinamufunsa.

"Ndi imeneyi mukuyiyang'anayi."

"Nsaluyi? Mwakalamba ndithu. Mukufuna kuuluka pa makatani?"

"Harlan, ngati wabwera kudzaseka, seka uku utanyamula," anatero Loretta. "Gwira uko."

Patapita sabata Wendell anandiyika m'manja kachidutswa kopyapyala ngati chikuto cha buku. Inali nsalu yomwe ija, yolukidwa ndi ulusi wa galasi, yofewa moti umatha kuyikulunga pachala. Anali ataipaka utomoni wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, n'kusanjikiza nsalu zinayi. Anakagoneka pa njerwa ziwiri n'kundiuza kuti ndiimepo. Ndinaimapo ine ndi chimimba changachi. Kanangowerama pang'ono, nditatsika n'kuwongoka. Ndinavula chipewa n'kukanda m'mutu, ndipo za makatani sindinazitchulenso.

Galimoto yawo inayamba kugona panja, galaja yonse n'kusanduka ya ndege. Ankagwira awiri. Loretta ndiye anali wosakaniza: utomoni pasikelo, mankhwala oumitsa pasikelo, m'kapu ya pepala, n'kutakasa ndi kamtengo mphindi ziwiri. Wendell ankayala nsalu ndi kupaka. Kapu iliyonse Loretta ankayilemba nambala isanagwire ntchito, ndipo Wendell ankalemba m'buku lake kuti kapu yakutiyakuti yapita pamalo akutiakuti. Zotsalira m'kapu sankataya. M'mawa mwake ankazikanda ndi msomali, ndipo zikauma gwa n'kutulutsa mzere woyera, ankadziwa kuti zimene zalowa m'ndege zaumanso chimodzimodzi. Makapuwo ankawandandalika pamashelefu kuzungulira khoma lonse. Ndege ya mtundu umenewu ukaitseka ndi kuipenta, za m'kati palibe angazionenso, ngakhale woyendera wa boma. Mboni ndi makapu basi.

Tsiku langa latsoka linali la mu Juni 1993. Tirigu wanga anali atacha, ndipo kumadzulo kunkadetsa mitambo ya matalala. Ndinathamangira kwa Wendell kukabwereka jeke. Ndinamupeza manja ali nyatanyata, akuyala nsalu mumsana wa phiko, mtanda uja wa m'kati umene umasenza ndege yonse. Ntchito imeneyo ukayamba suimitsa. Loretta anali atathamangira m'nyumba kukayankha foni.

"Alamu, mwabwera bwino! Ndisakanizireni kapu imodzi. Miyeso yalembedwa pakhomapo."

Utomoni ndinayeza bwinobwino. Nditagwira chigubu cha mankhwala oumitsa, kunja kunagunda bingu. Mtima wanga wonse unathawira kumunda. Ndinachotsa kapu pasikelo n'kuthira ndi maso, monga ndimathirira mankhwala a ng'ombe, ndinatakasa kangapo n'kumupatsa. Anakhuthulira pansalu, n'kundibwezera kapuyo osayang'ana. Loretta atalowa ine ndinatuluka nayo m'manja osazindikira, n'kuiponya m'galimoto.

M'mawa mwake Wendell anandiimbira. "Alamu, kapu 612 sindikuyiona."

"Ndinachoka nayo mwangozi. Ndataya."

"Munakanda?"

"Ndinakanda. Inali gwa ngati mwala."

Ndinanama osaphethira. Matalala anali atandiphera theka la munda, ndipo za kapu ya pepala ndinalibe nazo nthawi. Wendell anandikhulupirira, koma pashelefu anasiya mpata pakati pa 611 ndi 613.

Zaka zitatu zotsatira munthu uja ankangokhula ndi sandipepa. Ankatuluka m'galaja ali mbuu, nsidze ndi tsitsi zonse zoyera, ana a kutchalitchi n'kumamutcha Bambo Ufa. Ankatseka maso n'kuyendetsa chikhatho paphiko, akamva kabampu kamene ine sindikanakamva ngakhale atandiuza pamene kali, ankayambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa Wendell kunkandiopsa. Pofika mu Ogasiti 1996 m'galaja muja munaima chinthu choyera mbee, chosalala, chopanda msomali ngakhale umodzi woonekera. Anthu ankaimika magalimoto pamsewu kudzaona. Ndinkati ndikalowa, mawu ankatsika okha ngati ndalowa m'tchalitchi. Sindinkamvetsa kuti chinthu chotere chatuluka m'manja mwa munthu amene ndimadya naye nkhuku Lamlungu.

Kutatsala sabata imodzi kuti woyendera wa boma abwere, ndinaganiza zotsuka galimoto yanga yakale. Pansi pa mpando, kuseri kwa magolovesi ong'ambika, ndinatulutsa kapu yophwanyika pakamwa. Nambala ya Loretta inkaonekabe: 612. Ndinaseka ndekha, n'kudina chikhadabo m'zotsalira zija. Chikhadabo chinalowa.

Patatha zaka zitatu, utomoniwo unali wofewabe ngati chingamu.

Choipa chitsata mwini. Ndinayenda nayo kapuyo m'thumba la jekete masiku atatu. Ndinkadziuza kuti phikolo analiyesa kale. Ndinalipo ine pamene anzake omanga ndege analisanjikiza matumba a mchenga, ndipo linasenza osadandaula. Ndinkadziuzanso kuti kapu imodzi pa makapu oposa chikwi si kanthu. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, Loretta anandikokera m'galaja, n'kukwera m'ndegemo ndi diresi lake la maluwa, n'kukhala pampando wakumanja.

"Malo anga ndi ano," anatero akusisita phiko. "Zala zanga zatha ndi ndege imeneyi. Ndikufuna ndikaone denga lako lodontha lija ndili pamwamba."

Mayi athu atamwalira, amene ankandisambitsa ndi kundiperekeza kusukulu anali Loretta yemweyu. Ndinatulutsa kapu ija n'kuiika pathebulo, ndipo ndinanena zonse: za bingu, za kuthira ndi maso, za bodza la pafoni, za masiku atatu.

Wendell anainyamula n'kudinamo chikhadabo chake pambali pa changa. Anatsegula buku, n'kuyendetsa chala. "Msana wa phiko lakumanja," anawerenga. "Nsalu yachinayi ndi yachisanu."

"Mwina m'phikomo zinauma, alamu. Paja linasenza mchenga uja."

"Linasenza tsiku lija, pamthunzi. Nanga chaka chachisanu, litawotchedwa ndi dzuwa, mphepo ikuligwedeza?"

Loretta anatsika m'ndege nkhope ili psuu. "Iwe Harlan, sikelo inali pamphuno pako penipeni! Maso akowo ndi a mtundu wanji, oti n'kuyeza nawo moyo wa anthu? Bambo akanakhalapo akanakukwapula ndi imvi zakozo!"

"Mayi, chakudya chizizira," anatero Wendell. "Tiyeni tikadye kaye."

Tinadya nkhuku ndi mbatata. Ine ndinangolawa, koma Wendell anamaliza mbale yake, n'kupempha chitumbuwa cha maapozi. Atapukuta pakamwa anakasintha malaya a kutchalitchi, n'kupita kugalaja, ife pambuyo. Anatenga sowo.

Palibe lamulo linkamukakamiza. Woyendera akanabwera, akanasisita phiko lija n'kusayina. Anzake ena atamva pambuyo pake anati akanaboola kabowo n'kuonera pomwepo, koma Wendell anati kabowo kamakuuza za pakabowo pokha. Anajambula mzere ndi pensulo, wowongoka, ngati kuti kudulako nakonso n'kumanga. Kenako mano a sowo analowa mu penti imene anaikhula zaka zitatu. Loretta anakhala pansi pa ndowa n'kuphimba nkhope. Ine ndinaima chilili, misozi ikutsika, munthu wazaka makumi asanu ndi zisanu.

Atafika pamsana wa phiko anasenda ndi tchizulo. Nsalu zapamwamba zinali gwa. Atafika pa yachinayi anaigwira ndi zala ziwiri n'kukoka, ndipo inasendeka ngati khoko la nthochi, yonata, kutalika kwa mkono wanga wonse. Anaikweza kuwindo n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Sanandiyang'ane mokwiya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Anangotenga kapu ija n'kukaiika pampata wake pashelefu.

"Tsopano akwana," anatero.

Lachiwiri foni inalira. "Alamu, phiko latsopano tiyamba zida zikangofika. Wosakaniza mukhala inuyo."

"Ine? Mwapenga kodi? Achemwali sangalole."

"Zala zawo zatopa, ndipo utomoni wayamba kuwatulutsa zidzolo. Komanso munthu amene wayenda ndi kapu ija m'thumba masiku atatu sadzayezanso ndi maso. M'boma lonse lino ndilibe wina wodalirika ngati inu."

Ndinasakaniza makapu 288 m'zaka ziwiri. Wendell sanaimepo kumbuyo kwanga ngakhale kamodzi kuti aone sikelo. Loretta yekha ndiye ankadutsa ndi khofi n'kunena kuti, "Bwanji lero, a Maso-ndi-sikelo, kunja sikukugunda?" M'mawa uliwonse ndinkafika ndisanamwetse ng'ombe kuti ndikande kapu ya dzulo ndi msomali, ndipo mzere woyera uja ukatuluka m'pamene ndinkapuma bwino.

Ndege inauluka mu Seputembala 1998. Lamulo limati womanga auluke yekha maola makumi anayi asananyamule munthu, ndipo Wendell anawakwanitsa osachotsapo mphindi. Tsiku lonyamula munthu litafika tinasonkhana pakabwalo ka ndege ka kunja kwa tauni. Loretta anafika atavala mpango watsopano, anayenda mpaka paphiko lakumanja, n'kutembenuka.

"Ayambe Harlan. Wophika ndiye amayamba kulawa."

Anthu anaseka, ine n'kukwera. Titanyamuka ndinatseka maso. Nditatsegula, Kansas yense anali atayalidwa pansi, minda yolimidwa kumene, misewu yowongoka, nkhokwe zija Wendell ankazizungulira zili ngati zitini. Koma ine maso anali paphiko. Linali pomwepo pambali panga, loyera, likuwerama pang'ono mphepo ikatikankha n'kuwongokanso, ngati kachidutswa kaja ka panjerwa. Nsalu ndi utomoni, zimene ndinatakasa ndekha ndi kamtengo m'kapu ya pepala, zinatinyamula amuna awiri akuluakulu pamwamba pa mbalame. Ndinachita mantha ndiponso ndinasangalala.

"Denga lanu lija ndi ilo," anatero Wendell. "Achemwali anu sananame. Likufunika malata."

Titatera Loretta anakwera osandifunsa kanthu. Ndinaima pa udzu n'kuona mlongo wanga akukwezedwa kumwamba, mpango ukuoneka pawindo mpaka ndege inasanduka kadontho. Ulendo umenewo ndi umene unandivuta kuposa wanga. Atabwera anatsika tsitsi lili nyankhalala, akuseka ngati kamtsikana, n'kundimenya chibakera paphewa. Kuchokera tsiku limenelo dzina lija la Maso-ndi-sikelo sanalitchulenso.

Wendell anauluka nayo zaka khumi, ndipo anamwalira pabedi pake mu 2009. Ndege inapita kwa woyendetsa wina wa ku Nebraska, pamodzi ndi buku lija ndi makapu onse m'makatoni, chifukwa Loretta anati ndege imeneyi siyenda popanda mboni zake. Imodzi yokha anaichotsa n'kundipatsa ine. Ili pawindo la kukhitchini kwanga. Muli zipsera ziwiri za chikhadabo, changa ndi cha Wendell, ndipo mpaka lero sinaume.