Bala Limene Ndinamanga Paphiri

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Julaye, ndili mkati mowasambitsa amuna anga. Ndinatsegula chitseko manja ali thovu lokhalokha. Pakhomo panali amuna awiri ovala zawamba ndi mayi mmodzi wa yunifolomu ya polisi. Wamkulu wawo sanandiyang'ane ine. Maso ake anali pa galimoto yathu yakale imene inali pabwalo, fumbi lofiira la kumpoto likadali m'matayala.

"Galimoto iyi amayendetsa ndani?"

"Ndine."

"Tatiperekezani ku ofesi, mayi. Mubwera pompano."

Ndinapempha kuti ndiyambe ndawaveka odwalawo, ndipo anandilola. Amuna anga anali atagona zaka zingapo, sitiroko itawapha mbali ya kumanja, ndipo mawu awo ndinkawamva ndine ndekha. Pamene ndinkawamanga mabatani anandifunsa kuti abwerawo ndani. Ndinati ndi anthu a mita ya madzi. Ndinaitana mayi woyandikana nafe kuti awayang'anire, n'kutuluka nditavala masilipasi.

Ndifotokoze kaye za ulendo umene unabala zonsezi. Ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Amuna anga asanadwale ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera kumpoto, ndipo akabwera ankandisimbira za paki ya pamwamba pa mapiri, kumene mbidzi zimadya udzu m'mbali mwa msewu ngati ng'ombe. Ankati tidzapita limodzi. Atadwala, nyumba yathu ya ku Zingwangwa inasanduka wodi yanga yomaliza, yopanda wondilandira shifiti. Iwo anaona kuti ndatopa. Tsiku lina anandigwira ndi dzanja lamoyolo n'kunena kuti, "Tenga galimoto. Pita ukandionere." Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinavomera. Mwana wathu wamkazi anabwera kuchokera ku Machinjiri kudzakhala nawo sabata imeneyo.

Ndinanyamuka ndekha. Nditadutsa mlatho wa pa Zalewa ndinazindikira kuti palibe amene angandiitane, ndipo ndinayamba kuimba nyimbo za kwaya mokweza ngati wamisala. Pa Lizulu ndinagula manachesi. Ndinaona mapiri a Dedza ataima phee, miyala yake ili yotuwa. Tsiku lotsatira ndinalowa m'nkhungu ya ku Chikangawa, magetsi ali oyatsa masanasana, zitsa za paini zili mbwee m'mbali zonse kumene amuna anga ankati kunali nkhalango yakuda bii. Nditadutsa Rumphi phula linatha. Msewu unayamba kukwera mokhotakhota, galimoto ikulira mu giya yoyamba, ine ndikuinyengerera ngati mayi wobereka.

Pamwambapo panalibe mitengo. Panali zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene maso amathera, ndi mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Mbidzi ndinazipezadi zili pamsewu. Ndinazimitsa injini n'kuziyang'ana, nazonso zinandiyang'ana, zikugwedeza makutu. Ndinalira pang'ono, osadziwa chimene ndikulirira.

Pobwerera, nditatuluka pachipata cha paki n'kuyamba kutsetsereka, ndinaona munthu atakhala m'ngalande, atakweza dzanja. Anali bambo wa msinkhu wapakati, buluku lake litanyowa magazi kuyambira m'ntchafu. Anati wagwera pa chitsa. Nditang'amba bulukulo ndinadziwa kuti chitsa sichiboola choncho. Linali bala la chipolopolo. Sindinamufunse. Ndinatenga thonje ndi mabandeji amene ndinkayenda nawo, ndinaletsa magaziwo, ndinamukweza kumbuyo. Ndinkafuna kumutengera kuchipatala, koma titafika pamphambano ina anati abale ake ali pafupi ndipo amunyamula pa njinga yamoto. Anatsika akutsimphina. Dzina lake sindinalimve.

Kunyumba ndinafika Lamulungu madzulo, msana ukuwawa. Amuna anga anafuna kumva zonse nthawi yomweyo. Ndinawasimbira mpaka pa Chikangawa, ndipo anadandaula kwambiri za mitengoyo. Ndinati zotsalazo mawa. Lolemba linatha ndi kuchapa zofunda. Lachiwiri ndiye kunabwera alendo aja.

Ku polisi anandilowetsa m'chipinda cha tebulo limodzi. Wamkulu uja anakhala pampando, wamng'ono anaima kumbuyo kwanga. Anandiuza kuti m'paki muja munachitika kuwomberana pakati pa opha nyama mozemba ndi oyang'anira nyama, ndipo mmodzi wa oyang'anirawo anafa. Anthu anaona galimoto yanga itanyamula wovulala.

Ndinafotokoza zonse monga ndalembera pano. Wamkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka.

"Mayi wa msinkhu wanu, wa ku Zingwangwa, kuwotcha mafuta kuchoka ku Blantyre kukaona udzu? Ndinu mzungu inu?"

"Amuna anga anandituma kuti ndikawaonere."

"Ehe, mwayamba kunena zoona. Amuna anuwo anakutumani kwa ndani?"

Funso limeneli linabwerezedwa tsiku lonse ndi tsiku lotsatira. Kuti munthu wakuda angapite yekha kukaona mapiri a dziko lake, ndicho chimene sanachikhulupirire, ndipo mabandeji anali umboni wakuti ndinali dokotala wa gululo. Wamng'ono uja anali ndi dzanja lolemera. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Kumapeto kwa sabatayo anati mlandu wanga ndi wa kumpoto. Anandikweza kumbuyo kwa galimoto ya tenti, unyolo uli m'manja, ndipo ndinayendanso msewu womwe uja. Sindinaone kanthu. Ndinkangodziwa ndi makutu ndi kuzizira kuti tsopano tikukwera Dedza, tsopano talowa m'nkhungu. Wapolisi wamkazi amene anakhala nane anandigawira chimanga chootcha, nati, "Idyani, anesi. Kumene mukupitako amadya kamodzi."

Sananame. Belo anandikaniza chifukwa panali imfa. M'ndende tinkagona mopanikizana, wina akafuna kutembenuka tonse tinkatembenuka. Chidebe chinali pakona. Amayi ambiri ankayankhula Chitumbuka, ndipo anandipatsa malo apakati chifukwa cha kuzizira. Panali mayi wina wakuba mbuzi amene ankandipesa tsitsi Loweruka lililonse. Oyang'anira ankatiwerenga m'mawa ndi madzulo titanjuta, ndipo mmodzi wa iwo akafika pa ine ankanyodola ulendo wanga wokaona malo uja, n'kumati, "Watuwalisiti alipo?" Ndinkayankha kuti ndilipo, madamu.

Mwana wanga anakwanitsa kubwera kamodzi mu Ogasiti. Anati adadi ake sakudya, ndipo iye sakumva zimene akunena. "Amangobwereza mawu amodzi, amayi. Sindikudziwa ngati akufuna madzi kapena chiyani." Ndinamuuza kuti anditchulire mawuwo mmene amamvekera. Anayesa. Ndinawazindikira. Ankafunsa ngati ndinafika pamwamba paja. Ndinati akawauze kuti ndinafika, koma mawu otumiza ndi ena, osimba wekha ndi enanso.

Mvula yoyamba isanagwe, Lachinayi lina masana, anandiitana ku ofesi ya mkulu wa mbali ya amayi. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Mayi, limbani mtima. Bambo akunyumba anatisiya. Maliro anaika dzana."

Ndinathokoza. Sindidziwa chifukwa chake ndinathokoza. Ndinabwerera kukamaliza kusesa pabwalo, chifukwa tsache ndinali nditalisiya pakati pa njira.

Munthu wa bala uja anagwidwa chaka chitatsala pang'ono kutha. Ananena yekha kuti sankandidziwa, kuti anangoimitsa galimoto yoyamba imene inadutsa. Mu Januwale ananditengera ku khoti, woimira boma anaimirira n'kunena kuti alibe umboni wondiimbira mlandu. Woweruza anati ndine mfulu. Zonsezo zinatha msanga kuposa kumwa tiyi. Palibe amene anapepesa, ndipo ine sindinayembekezere.

Panja pa khoti panali mayi wachitsikana wovala zakuda, mwana ali kumsana. Anandiyandikira n'kundipatsa moni mwaulemu m'Chichewa chothyokathyoka, kenako anapitiriza m'Chitumbuka. Anali mkazi wa woyang'anira nyama amene anaphedwa uja.

"Ndimwe anesi mukamumanga mwendo?"

"Ndine."

"Wachira makola. Nkhamuwona wakwenda." Anagwedeza mwanayo. "Wane wakasowa womumanga. Wakafwira mu utheka."

Ankatanthauza kuti munthu wa bala uja anachira ndipo anamuona akuyenda, koma mwamuna wake anasowa womumanga n'kufera mu udzu. Sanandinyoze. Anangonena, n'kutembenuka. Ndinafuna kumuuza kuti ndikanapeza mwamuna wakeyo ndikanachita chimodzimodzi, koma zimenezo sizikanamuthandiza kanthu.

Ndinabwerera ku Blantyre pa basi. Galimoto inatsala ku polisi nthawi yaitali, ndipo pomwe ankaibweza inali yopanda batire ndi matayala awiri. Ndinaigulitsa kwa amakaniko a ku Ndirande. Kumanda anandiperekeza mwana wanga, mtumbira utamera kale udzu. Kutchalitchi anandilandira bwino, ngakhale alipo ena amene mpaka pano amatsitsa mawu ndikamadutsa.

Anthu amandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo chifukwa cha ulendowo. Mapiri sanandilakwire. Chimene chimandidya ndi Lolemba lija limene ndinalipereka kwa zofunda. Chinanso ndinachiona posachedwa. Ndikuchokera kumsika, ndinapeza anthu atazungulira kalipentala amene anachekedwa ndi lata pamkono, magazi akuchucha. Wina anandizindikira nakuwa kuti, "Apatseni njira anesi!" Anandipatsadi njira. Ndinafika pafupi, ndinaika jumbo pansi, koma manja anga sanapite pabalapo. Ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti, "Mwavulala bwanji? Munali kuti? Alipo anaona?"

Zaka zonse za ntchito yanga sindinayambe ndafunsapo munthu wotaya magazi mafunso amenewo ndisanamugwire. Khoti linandimasula, ndipo ndimapita kumene ndafuna. Koma tsiku limenelo bamboyo anayamba wayankha mafunso onse atatu, magazi akudonthera pafumbi, ndisanamumange.