Kiyi wa Nyumba ya Esiteti

Tsiku lomwe tinaika maliro a bambo Zakeyu, akapitawo anafika anthu asanabalalike n'komwe. Akuti nyumba ndi ya esiteti, ngati m'banjamo mulibe wotchola tiyi, atuluke. Ndinadzimvera ndekha, ife timakhala layini yomweyo.

Akazi awo, mayi Miriam, msana unatha kalekale ndi dengu. Ndiye mwana wawo yekhayo, Teleza, amene anali atangomaliza digiri ya za nsomba, anakalembetsa dzina n'kubereka dengu.

Zaka ziwiri, anzanga. Mvula, chiperoni, zala zong'ambika. Kumjigo azimayi ankamujeda, akuti sukulu ya nsomba kumapiri kuno yamupindulira chiyani. Inenso ndinasekako, sindikana.

Koma kunali Madamu Eunice, amene ankamuphunzitsa ku koleji. Mayi amenewo satopa kuimba foni. Anamuuza za felosipu, mwayi woti amakusamala chaka chathunthu uku ukuphunzira ntchito kwa akatswiri a nyanja yamchere ku Mozambique. Teleza ankalemba kalata pafoni yosweka galasi, Madamu n'kukonza, iye n'kulembanso.

Chaka choyamba anamukana. Analira, akuti basi zakwana. Madamu anati alembenso, ndipo asabise kuti amayankhula Chilomwe, chifukwa asodzi akumeneko akamvana nawoko.

Ulendo wachiwiri anamutenga. Koma mukudziwa zomwe anachita? Anabisa. Masabata atatu osauza munthu, akungotchola tiyi maso ali psuu. Ankadziwa kuti iye akangochoka, amayi ake atulutsidwa.

Madamu ataona kuti foni sikuyankhidwa, anakwera minibasi mpaka ku Thyolo kuno, nsapato zonse matope. Anakhala pakhonde n'kuwafotokozera mayi Miriam zonse. Sanawanamize ayi, anawauza kuti za nyumba alibe nazo yankho.

Teleza anati, "Amayi, ndikapita mugona kuti?"

M'mawa mwake tinangowaona amayi ake akuyenda chowerama ndi ndodo, kupita ku ofesi. Anakasiya kiyi patebulo pa akapitawo. Atabwerako anamuuza Teleza kuti, "Ine ndinatha msana kuti iwe uzilondera nyumba ya eni? Longedza."

Musaganize kuti zinatha bwinobwino. Mayi Miriam pano amagona m'kakhitchini kodontha kwa achimwene awo ku Khwethemule, ndipo alamu awo, akuti, sawayankhula bwino. Msana sunachire. M'nyumba muja munalowa banja lina sabata yomweyo.

Teleza ali kunyanja. Amalowa m'matope mpaka m'chiuno kuyeza mitengo yomera m'madzi amchere, momwe nsomba zimaswerana. Madamu amamuimbirabe Lamlungu lililonse. Akuti akamaliza amuthandiza kufunsira sukulu ina yapamwamba.

Ndiye iwe amene wabereka dengu lero satifiketi ili m'chikwama, akakukana ulembenso. Wina akamakuimbira kuti akukokere kutsogolo, yankha foniyo. Zimapweteka, ndipo ena amakulipirira ndi msana wawo. Usawagwiritse mwala, usataye mtima.