Chikhakha Chomwe Ndinavula Kumtsinje

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinathyoka dzanja lamanja. Ndinaterereka pamwala wonyowa ndikutsika ndi mtolo wa nkhuni m'munsi mwa phiri la Chambe, thupi lonse n'kugwera padzanjapo. Pofika kunyumba linali litatupa, zala zosagwira ngakhale supuni.

Tsiku lotsatira amayi anandikweza minibasi mpaka kuchipatala cha ku Boma. Atandijambula, adokotala anationetsa kafupa ka kuseri kwa dzanja, kamene kamalumikiza kachala kakumapeto, kataduka pakati. Anati opaleshoni siyofunika. Anakoka kachalako mpaka ndinakuwa, kenako anandiika chikhakha choyera, chonunkha ngati choko.

"Masabata asanu ndi limodzi," anawauza amayi. "Chisanyowe, ndipo mwanayu asagwire ntchito. Fupa ligwirana lokha, bola mulipatse nthawi."

"Tamva, adokotala," anatero amayi.

Koma unali mwezi wa Januwale. Amene anakulira m'munda wa tiyi akudziwa kuti mvula ikagwa, tiyi sadikira munthu. Ukathyola lero, sabata yamawa waphukanso, ndipo ukachedwa masamba amakhwima, kusikelo amakawakana. Bambo anali atapita ku Mozambique osabwerako. Kamunda kathu tinkathyola awiri, ine ndi amayi. Tsopano amayi anatsala okha, dengu kumsana, mng'ono wanga wakhanda pachifuwa.

Ine ndinkangokhala pakhonde ngati mlendo, kumakanda m'kati mwa chikhakha ndi kamtengo ka tsache. Madzulo amayi ankabwera miyendo itatupa, zala zitada bii, n'kukhala pansi osamasula n'komwe pepala la pulasitiki lomwe ankamanga m'chiuno poopa mame. Sanadandaulepo. Chimenecho chinkandipweteka kuposa dzanja.

Sabata yachitatu ululu unatha, ndiye ndinati basi ndapola. Ndinapita kumtsinje, n'kuviika dzanja m'madzi ozizira mpaka chikhakha chinafewa, kenako ndinachisenda pang'onopang'ono ndi mano. Dzanja linatuluka lowonda, lotuwa, lonunkha. M'mawa mwake ndinanyamula dengu n'kukalowa mumzere pafupi ndi amayi.

Anayang'ana dzanjalo, kenako anandiyang'ana kumaso. Ndinkayembekezera mbama. Iwo anangotembenuka n'kupitiriza kuthyola.

Ndinathyola nyengo yonseyo. Dzanja linkatupa madzulo alionse, ine n'kumalibisa m'chitenje. Kuchipatala sitinabwerereko. Fupa linagwiranadi monga ananenera adokotala aja, koma linagwirana mokhota. Mpaka lero mfundo ya kachalako inalowa m'kati, ndipo ndikafumbata dzanja, kachalako kamakwera pa chala chinzake.

Panopa ndili ndi zaka makumi anayi, ndimasoka zovala pa Nkando. Ndikagwira sizasi kwa ola limodzi, dzanja limachita dzanzi, ndipo nyengo ya chiperoni limawawa ngati ndathyoka dzulo. Nditakula ndinakafunsa kuchipatala. Anandiuza kuti ambiri othyoka fupa limeneli amapola bwinobwino ndi chikhakha chokha, koma langali kuti liwongoke pafunika kulithyolanso. Ndinangoseka, n'kubwerera kumakina anga. Mphamvu zimenezo ndilibe, ndipo ana anga angadye chiyani ine nditakhalanso pakhonde?

Kwa zaka zambiri ndinawasungira amayi chakukhosi. Ndinkati mayi weniweni akanandikwapula n'kundibweza ku Boma tsiku lomwelo. Sindinawauzepo zimenezi. Chaka chatha anadwala, ndipo tsiku lina ndikuwasambitsa anagwira dzanja langa n'kuyamba kusisita pamfundo yolowa ija.

"Ndinaonatu tsiku lija, mwanawe," anatero. "Mtima unafuna kukubweza. Koma msanawu unakondwa."

Ndinapitiriza kuwathira madzi.

Lero ndikudziwa kuti ululu umatha msanga fupa lisanagwirane, ndipo masabata atatu amene ndinaba aja ndikuwabwezabe mpaka pano. Ndikudziwanso kuti amayi sanakhale chete chifukwa chosandikonda. Anali atatopa kufika poti sakanatha kukana dzanja lililonse, ngakhale lothyoka, ngakhale la mwana wawo. Chakukhosi chija chinandichoka tsiku lomwelo kubafa. Koma kachala sikanawongoke, ndipo mawa m'mawa pali mayunifolomu asanu ndi atatu akudikira sizasi.