Manja Amene Ankafunditsa Chitsulo

Mu mpingo mwathu tinkangowatchula kuti Mayi Ojambula. Makolo atamwalira iwo akadali mtsikana, analera okha mlongo wawo wamng'ono, uku akuphunzira ntchito yojambula anthu m'chifuwa pachipatala.

Zaka makumi atatu anazithera m'kachipinda kopanda zenera, atavala chovala cholemera chodzitetezera chimene chinawapinda msana. Wodwala asanatsamire pachitsulo cha makina, iwo ankayamba achifunditsa ndi manja awo, akupemphera chamumtima. Anzawo ankawaseka: "Mukukanda buledi kodi? Mzeretu wafika panja!" Iwo ankangoti, "Munthu wabwera kale ndi mantha, ndimuwonjezere kuzizira?"

Impso za mlongo uja zitasiya kugwira ntchito, anam'patsa yawo imodzi. Anachira n'kubwerera ku ukalipentala wake, koma kutchalitchi, kumene anasiya kalekale, ayi, ndipo ndi mwana wake wamkazi sankayankhulana. Tsono mankhwala oti thupi lisakane impso yachilendo amafooketsa chitetezo, matenda n'kumangolowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Chaka chachinayi anayamba kutsokomola.

Anamujambula okha. Lolemba mapapo anali ndi kachifunga mbali imodzi. Pofika Lachisanu mbali zonse zinali zitayera mbee. Zithunzi zotere anali ataziona zambiri mwa odwala oikidwa impso, ndipo ambiri a iwo sankabwerera kwawo. Akanatha kukhala chete, poti ntchito yawo inkawalola kutero, koma ankaopa kuti munthuyo apita asanakonze zinthu zake.

"Achemwali, mwaona chiyani?" anafunsa mlongoyo akupuma mobanika.

"Kuwerenga zithunzi n'kwa adokotala, ine ndimangojambula."

"Musandibisire. Ndinu amene munandilera."

"Adokotala ayesetsa, inenso ndipemphera. Koma mwana wako uja muitane lero, ndi ansembe omwe. Usadikire mawa."

Anawamvera. Anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi, mwana wake atam'gwira dzanja. Pamaliro ena ankanong'ona kuti impso ija yapita pachabe. Iwo anayankha ndi mawu otopa: "Inam'patsa zaka zinayi, ndi masiku omalizawo." Sabata yotsatira anali pantchito, akufunditsa chitsulo, ngakhale kuti kuseka kwawo sitinakumvenso kawirikawiri.

Atapuma pantchito ankayendera odwala a mpingo, mpaka miyendo inakana. Chibayo chitawagwira paukalamba, mwana wa mlongo wawo uja anawakankha panjinga ya odwala mpaka m'kachipinda komwe kaja. Wojambula wa masiku ano, amene sankawadziwa, anayamba waika manja ake pachitsulo kwa kanthawi.

"Anakuphunzitsani ndani zimenezi, mwanawe?"

"Timangotero kuno, agogo. Amene anayambitsa sindikumudziwa."

Anangotsamira, n'kupeza kuti chitsulo chinali chofunda. Anatisiya mwamtendere m'mawa wa tsiku lachitatu, korona wawo wopempherera ali m'manja.