Odi Wanga Sanamveke

Tsiku limenelo mwera unkawomba chiyambire m'mawa. Malata a chipatala ankalira, kumzikiti akuyitanira mapemphero a masana. Ndi tsiku limene akazi anga, mayi a Tiyanjane, anandisiya, ine ndili kalikiliki kuchita ulemu.

Anagonekedwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Namwino wamkulu atayitanidwa kuwodi ina, anasiya atsikana awiri ophunzira unamwino kuti aziwayeza pafupipafupi. Posakhalitsa mayiwo anayamba kubanika. Ndinapita kukachipinda ka anamwino, n'kuyima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Odi, anamwino."

"Tikubwera, bambo."

Maso awo sanachoke pafoni. Ndinaganiza kuti akuwerenga za mankhwala, ndipo munthu wa yunifolomu sindinazolowere kumufulumizitsa. Ndinabwerera, ndinapemphera, ndinapitanso. Apa ndinamva wina akuti, "Aise, taona diresi wavala Memoryyu! Anzathu akunjoya ku Salima, ife atitsekera muno." Anzawo a m'kalasi anali kuphwando, iwo akutsatira zithunzi kuopa kutsalira.

Inu owerenga, tamvani izi. Atsikanawo atabwera, mmodzi anamanga chopimira pamkono wa mayi, koma manambala atatuluka sanadziwe tanthauzo lake. Anatulutsanso foni ija kuti ayifunse! Munthu akutha, iye akusisita galasi ndi chala. Maphunziro onse aja ankamvera chiyani? Namwino wamkulu anafika akuthamanga, koma mochedwa.

Pambuyo pa maliro, mphunzitsi wa atsikana aja anabwera nawo kwathu ku Kanyenda. Anati onse awiri analephera mayeso, ndipo ngakhale m'kalasi foni sinkachoka pamwendo. Atsikanawo anagwada pabwalo akulira, akupempha chikhululuko. Ndinawauza kuti apite, ndidzawayankha. Miyezi inatha ndikulephera kumaliza pemphero la Ambuye, pofika pa mawu a kukhululuka ndinkangokhala chete.

Ana inu amene mukuphunzira unamwino, phwando likakupitani kubwera lina, koma munthu wogona pabediyo alibe mpweya wina wosungira. Polowa m'kalasi kapena m'wodi, foni izitsala m'chikwama. Nanunso odikirira odwala, musachite ngati ine. Kuwani, menyani chitseko, akunyozeni kuti ndinu akumudzi.

Mkwiyo sunathe, ndisakunamizeni. Koma yankho lija ndinatumiza. Atsikana aja ndinawakhululukira.